Kachule pa Dazi la Ababa

Kachiwala anali mtsikana wosakhazikika. Sankayenda ngati anzake. Ankadumpha. Popita kusukulu ankadumpha. Pobwera kusukulu ankadumpha. N'chifukwa chake aliyense ankamutchula Kachiwala.

Kachiwala ankakonda tizilombo. Ankakonda nyerere. Ankakonda agulugufe. Ankakonda ngakhale bongololo. Koma anali asanapiteko kunkhalango. Ankangoiona pazithunzi. Mtima wake unali komweko.

Tsiku lina kusukulu kunabwera alendo. Anali amayi aatali. Anavala chipewa chachikulu ngati beseni. Ana anayamba kuwatchula Amayi a Chipewa.

"Ntchito yanga ndi kufufuza zamoyo zakutchire," anatero Amayi a Chipewa. "Loweruka tikupita kunkhalango. Tikufuna kudziwa zamoyo zimene zimakhalako. Koma nkhalango ndi yaikulu. Ife akatswiri ndife ochepa. Tikufuna maso ambiri. Maso a akulu ndi maso a ana."

Kachiwala anakweza dzanja.

"Maso anga amaona bwino," anatero. "Ndibwere?"

"Ubwere, mwanawe. Koma mwana aliyense abwere ndi munthu wamkulu wa kwawo."

Atatuluka m'kalasi, Kachiwala anadumphadumpha mpaka ku shopu ya bambo ake.

Bambo ake anali ometa tsitsi. Shopu yawo inali yaing'ono koma yaukhondo. Munali galasi lalikulu. Munali mpando wozungulira. Munali zipeso, sizasi ndi makina olira kuti zzzz. Bambowo ankameta anthu tsiku lonse. Koma iwo analibe tsitsi ndi limodzi lomwe. Anali ndi dazi losalala. Dazilo linkawala ngati mbale yotsukidwa kumene.

Pampando panali kamnyamata. Kankaopa makina. Kankalira ndi kupukusa mutu.

"Khala phee," anatero bambo ake a Kachiwala. "Puma pang'onopang'ono. Yang'ana kuno. Ndatsala pang'ono."

Kamnyamata kanaleka kulira. Makina analira zzzz. Tsitsi linagwa pansi.

"Ababa," anatero Kachiwala, "Loweruka tipite kunkhalango."

"Kukatani, mayi wanga?"

"Kukafufuza zamoyo. Mbalame, mitengo, nkhanu, achule."

Makina anasiya kulira.

"Achule?" anafunsa bambo ake.

"Inde, Ababa."

"Loweruka kumabwera anthu ambiri ometetsa. Sindingachoke. Ukafunse amayi ako."

Madzulo Kachiwala, bambo ake ndi amayi ake anakhala patebulo. Amayi ake a Kachiwala anali anamwino.

"Loweruka ndili kuntchito, mwanangu," anatero amayi ake. "Odwala sadziwa kuti lero ndi Loweruka. Upite ndi bambo akowa. Shopu adzakhalamo abambo ako aang'ono."

"Msana ukundipweteka," anatero bambo ake.

"Wayamba liti?" anafunsa amayi ake.

"Uyamba Loweruka."

Amayi ake anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Muuzeni mwanayu zoona, bambo a Kachiwala. Bambo akowa amaopa achule."

"Sindiwaopa," anatero bambo ake. "Ndimangowapatsa ulemu. Iwo akhale uko. Ine ndikhale kuno."

Kachiwala sanaseke. Anatsika pampando. Anakaima pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, ine ndidzayenda patsogolo. Inu mudzayenda pambuyo. Chule akabwera, ayamba wakumana ndi ine. Ndipo ndidzakugwirani dzanja."

Bambo ake anamuyang'ana. Anayang'ana amayi ake. Anasisita dazi lawo.

"Osandisiya dzanja," anatero.

"Sindidzakusiyani."

Loweruka linafika. Bambo ake anavala malaya oyera mbee. Anavala buluku losita bwino. Anavala nsapato zopolisha. Pamutu anaika kachipewa.

"Mukupita ku ofesi kodi?" anafunsa amayi ake.

"Munthu amayenda wooneka bwino," anayankha iwo.

Pageti la sukulu panaima basi. Munali ana ndi makolo awo. Basi inadutsa masitolo. Inadutsa mafakitale. Inadutsa minda. Kenako msewu unachepa. Mitengo inatalika. Anafika kunkhalango.

Kachiwala anatsika modumpha. Kunali kafungo ka masamba onyowa. Mbalame zinkaimba mbali zonse. Mtima wake unadumpha kuposa miyendo.

Amayi a Chipewa anayang'ana nsapato zopolisha zija. Anangotulutsa jombo m'thumba lalikulu.

"Valani izi, bambo."

Kenako anagawa anthu m'magulu. Ena anapita kukaona mbalame. Ena anapita kukaona mitengo ndi bowa.

"Tipite kwa mbalame," ananong'ona bambo ake a Kachiwala. "Mbalame zimakhala m'mwamba, kutali ndi munthu."

Koma gulu la mbalame linali litadzaza.

"Inu awiri, tiyeni ndi ine kumtsinje," anatero Amayi a Chipewa.

Bambo ake anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kachiwala anawagwira dzanja.

Kumtsinje kunali bango lambiri. Madzi ankayenda pamiyala. Amayi a Chipewa anaimitsa gulu lawo.

"Ntchito yathu ndi yosavuta," anatero. "Yang'ana. Jambula. Siya pomwepo. Tinene tonse."

"Yang'ana. Jambula. Siya pomwepo," anatero onse.

"Zithunzi zanu tizitumiza kwa akatswiri anzanga. Iwo adzadziwa zimene zikukhala kuno. Koma pali kachule kena kamene ndikukafuna kwambiri. N'kakang'ono ngati chikhadabo. Kumsana n'kobiriwira. M'mbali kali ndi mzere woyera. Timapazi take n'tofiira."

"Kali kuti?" anafunsa Kachiwala.

"Sitikudziwa. Kale kankapezeka pano. Kenako anthu anataya zinyalala mumtsinje. Madzi anada. Kachuleko kanasowa. Tsopano zinyalala tinatola. Madzi ayera. Tikufuna kudziwa ngati kabwerera kwawo."

Ntchito inayamba. Kachiwala anali patsogolo. Bambo ake anali pambuyo. Foni inali m'manja mwawo.

Kachiwala anasuzumira pansi pa mwala. Panali nkhanu. Inakweza zala zake ngati ikufuna ndewu.

"Jambulani, Ababa."

Bambo ake anajambula ali patali. Pachithunzi panaoneka mwala wokha.

Kachiwala anaona tombolombo pa bango. Mapiko ake ankanyezimira.

"Jambulani, Ababa."

Bambo ake anajambula ali patali. Pachithunzi panaoneka chala chawo.

"Tenga foniyi, mayi wanga," anatero. "Iwe uli pafupi ndi zinthuzo."

Kachiwala anatenga foni. Anajambula nkhanu. Anajambula tombolombo. Anajambula nkhono itanyamula nyumba yake. Anajambula kangaude ali pakati pa ukonde wake. Chilichonse anachisiya pomwepo.

Pamadzi odikha panali tinthu takuda. Tinali ndi timichira. Tinkasambira uku ndi uku. Bambo ake anawerama. Anamwetulira.

"Koma tinsomba iti n'tokongola," anatero.

"Si nsomba, Ababa. Ndi mbululu."

"Mbululu n'chiyani?"

"Ana a chule."

Bambo ake anaweramuka. Anabwerera m'mbuyo.

"Ndiye kuti makolo awo ali pafupi," anatero motsitsa mawu.

Sananame. Pafupi panali chipika chowola. Bambo ake anafuna kukhalapo kuti apume. Atangochigwira, pansi pake panatuluka chichule. Chinali chachikulu ngati chibakera. Chinali ndi khungu lokhakhala. Chinadumpha kamodzi. Chinatera pa jombo yawo.

Bambo ake anadumpha kuposa chichulecho. Anadumpha kuposa Kachiwala. Kachipewa kawo kanagwera m'madzi kuti chubwi. Madzi anakatenga. Kanapita.

Chichule chinalowa mu udzu. Bambo ake anaima akupuma mwabefu.

"Basi," anatero. "Ine ndikupita ku basi."

"Ababa, chapita."

"Chili ndi abale ake. Ndikakudikira ku basi."

Amayi a Chipewa anali atawoloka mtsinje ndi anthu ena. Kachiwala anakumbukira mawu awo. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu wa kwawo. Bambo akapita ku basi, nayenso apita ku basi. Ulendo uthera pomwepo.

Misozi inalengeza m'maso. Kachule kaja anali asanakaone. Anafuna kunena kuti, "Musapite."

Koma anayang'ana nkhope ya bambo ake. Thukuta linali kamukamu. Sankachita dala. Ankaopadi.

Kachiwala anapukuta misozi. Anawagwira dzanja.

"Tiyeni, Ababa. Tipitire limodzi."

"Pepa, mayi wanga."

"Palibe kanthu. Nkhanu ndaiona."

Anayamba kubwerera. Kanjira kankadutsa pakati pa bango. Bangolo linali lalitali. Linkakhudza mapewa a bambo ake. Linkakhudza makutu awo. Kachiwala sankadumpha. Ankangoyenda.

Mwadzidzidzi bambo ake anaima njo.

"Kachiwala," ananong'ona. "Pamutu panga pagwera chinthu. N'chozizira."

Kachiwala anatembenuka. Anayang'ana m'mwamba. Pakati pa dazi panakhala kanthu kakang'ono. Kanali kobiriwira.

"Ndi tsamba?" anafunsa bambo ake.

Kanthuko kanaphethira.

"Si tsamba, Ababa."

"Nanga n'chiyani?"

Kachiwala sanafune kunama.

"Ndi kachule. Kakang'onong'ono. Ndikuganiza kuti ndi kaja akukafuna Amayi a Chipewa."

Maso a bambo ake anatong'oka. Dzanja lawo linayamba kukwera kumutu.

"Musakakhudze, Ababa. Kathawa."

"Ndikufuna kathawe."

"Kakathawa, palibe adzadziwe kuti kabwerera."

Kachiwala anayang'ana kutsidya. Amayi a Chipewa anali kutali. Akanakuwa, kachule kakanadumpha. Panalibe wina wojambula. Panali iye yekha, ndi foni, ndi bambo ake onjenjemera.

Anafinya dzanja lawo. Analankhula mofatsa.

"Khalani phee, Ababa. Pumani pang'onopang'ono. Yang'anani kuno."

Bambo ake anamuyang'ana. Anapuma kamodzi. Anapumanso. Dzanja lija linatsika.

Kachiwala anakweza foni. Anaima ndi zala zakumapazi. Sanafikire. Bambo ake anali aatali.

"Gwadani, Ababa. Pang'onopang'ono."

"Pamatope?"

"Pamatope pomwepo."

Bambo ake anayamba kutsika. Khosi linali gwa. Mutu sunagwedezeke. Bondo limodzi linalowa m'matope. Linalo linatsatira. Buluku losita lija linada bii.

Tsopano dazi linali pamaso pa Kachiwala. Kachule kanali pomwepo. Kanali kakang'ono ngati chikhadabo. M'mbali kanali ndi mzere woyera. Timapazi take tinali tofiira psuu. Pakhosi pake pankagunda pang'onopang'ono.

Miyendo ya Kachiwala inafuna kudumpha. Inafunitsitsa. Anajambula msanga. Chithunzi chinatuluka mbuu. Manja ake ankagwedezeka ndi chimwemwe.

"Watha?" ananong'ona bambo ake.

"Ndatsala pang'ono."

Kachiwala nayenso anakhala phee. Anapuma pang'onopang'ono. Anagwira foni ndi manja awiri. Anajambulanso. Chithunzi chinatuluka bwino. Mzere woyera unaoneka. Timapazi tofiira tinaoneka.

Kenako anakweza mkono. Anaugwedeza osatulutsa mawu. Amayi a Chipewa anamuona. Anawoloka mtsinje mwakachetechete. Anthu ena anawatsatira monyang'ama.

Onse anazungulira bambo ogwada m'matope. Palibe anaseka. Amayi a Chipewa anawerama. Anayang'anitsitsa. Anavula chipewa chawo chachikulu chija.

"Ndi kameneka," anatero chapansipansi. "Kabwerera kwawo."

Ananyowetsa manja awo mumtsinje. Anakatenga kachuleko mosamala. Anakaika pa tsamba la bango. Kachule kanamatirira pa tsambalo ndi timapazi take.

Bambo ake a Kachiwala anatulutsa mpweya wonse. Anagwira pamutu.

"Kachoka?"

"Kachoka, Ababa. Ndi aka apa."

Bambo ake anayang'ana ndi diso limodzi. Kenako anatsegula linalo.

"Kameneka?" anafunsa. "Ine ndimayesa n'kakakulu ngati njerwa."

Apa mpamene anthu anaseka. Nawonso anaseka.

"Nanga mitu yonseyi, kanasankhiranji wanga?"

"Timachule totere timakonda malo osalala, onyowa," anatero Amayi a Chipewa. "Mwina kanayesa mwala wamumtsinje."

Anthu anasekanso. Amayi a Chipewa anatulutsa galasi lokulitsa zinthu. Anawapatsa bambo ake a Kachiwala.

"Kaoneni bwino mlendo wanu."

Bambo ake anazengereza. Kachiwala anawagwira dzanja. Iwo anasendera pang'ono. Anasenderanso. Anaika diso pagalasi. Anakayang'anitsitsa kachuleko.

"Taona mzerewu, mayi wanga," anatero. "Wowongoka kuchokera pamphuno mpaka kumchira. Mzere wotere ngakhale ine sindingaudule pamutu pa munthu."

"Chule alibe mchira, Ababa."

"Ndiye mpaka pamene pakanakhala mchira."

Amayi a Chipewa anapempha kuona chithunzi. Kachiwala anawapatsa foni.

"Wajambula ndiwe?"

"Inde. Koma amene anakhala phee ndi Ababa."

"Ntchito mwaigwira nonse. Chithunzi ichi akatswiri anzanga achisangalalira. Anthu amene anatola zinyalala aja adziwa kuti sanavutike pachabe."

Kachiwala anayang'ana bambo ake.

"Tizipita ku basi, Ababa?"

Bambo ake anayang'ana buluku lawo. Anayang'ana bango.

"Buluku lada kale," anatero. "Tiyeni tione ngati kali ndi anzake. Koma iwe patsogolo."

Kachiwala anadumpha. Anadumphanso.

Anayenda m'mbali mwa mtsinje. Anayang'ana tsamba ndi tsamba. Kachiwala anapeza kachule kena. Mtsikana wina anapezanso kena. Kenako bambo ake analoza ndi chala, ali chapatali ndithu.

"Ako kena ako. Kabisala kuseri kwa tsamba."

Kanalidi komweko. Kachiwala anayang'ana. Anajambula. Anakasiya pomwepo.

Dzuwa litapendeka, magulu onse anakumana pa basi. A mbalame anaonetsa zithunzi zawo. A mitengo anaonetsa zawo. Koma aliyense ankafuna kuona kachule ka pa dazi. Foni inayenda mpando ndi mpando. Ana anayamba kuwatchula Bambo a Kachule. Iwo anakhala mowongoka ngati munthu wopatsidwa mendulo.

Kunyumba anapeza amayi atabwera kuntchito. Amayi anayang'ana matope. Anayang'ana malaya amene anali oyera m'mawa.

"Mwagwa m'dzenje kodi? Nanga chipewa chili kuti?"

"Chipewa chapita ndi madzi," anatero Kachiwala. "Koma taonani ichi, Amayi."

Amayi anaona chithunzi. Anachiyandikitsa kumaso. Anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Bambo a Kachiwala, mutu wanuwu? Ndi chule pamwamba?"

"Ndinam'patsa malo," anatero bambo ake. "Mlendo sakanizidwa pokhala."

"Simunathawe?"

"Ndinafuna kuthawa. Mwanayu ndiye anandigwira."

Amayi anamukoka Kachiwala. Anamukumbatira ndi matope ake omwe.

"Ndiye mwaleka kuopa achule?" anafunsa amayi.

"Aang'ono okha. Aakulu aja ulemu ukadalipo."

Anatulutsa beseni pakhonde. Amayi anathira madzi ndi sopo. Bambo anakhala pa kampando, nayamba kuchapa buluku lawo. Dazi linali litapsa ndi dzuwa. Linkawala kuposa masiku onse.

Kachiwala anaviika chala m'madzi ozizira. Anayang'ana amayi ake. Amayi anatseka pakamwa ndi dzanja. Kachiwala anazembera kumbuyo kwa bambo ake. Anaika chala chonyowacho pakati pa dazi.

Bambo ake sanadumphe. Sanatembenuke. Anangouma khosi, manja ali m'thovu.

"Kachiwala," ananong'ona, "thamangira foni. Ine ndakhala kale phee."